Sitima Ija Inali Bwato Kapena Mudzi?

Bwerani kuno nonse, bwerani! Iwe, isiye mbuziyo, siithawa. Inu a kuseriko, kokerani thonjelo pano, muzisankha mukumva. Khalani pansi. Chete! Ndati chete! Wofuna kukhosomola akhosomoleretu, ndikayamba sindiima.

Mwandivuta masiku ambiri za agogo anu aamuna, oyamba aja, obereka mayi ake a uyu. Lero ndikuuzani. Koma musandifunse kuti wolakwa anali ndani, chifukwa inenso ndikufunsabe.

Ine ndine wa kwa Maseya. Kwathu ndife a khasu. Anandikwatirawo anali a kwa Malemia, kumunsiko, banja la osaka mvuu, ndipo ananditengera kwawo ndili kamtsikana, mutu uli gwa ngati dzungu losapsa. Tsiku lachiwiri lomwe apongozi anga aakazi anandiitana kuseri kwa nyumba. Anali aafupi chonchi, mawu ngati lipenga, Chisena ndi Chimang'anja m'kamwa mumodzi.

"Iwe mtengwa! Mwamunako akalowa m'bwato ndi mkondo wa chingwe, iwe umalowa m'nyumba. Pa mphasa! Kutuluka n'kopita kuthengo kokha. Mchere osathira. Mafuta osadzola. Koma chachikulu, khasu. Ukamenya nthaka kuno, kha! mvuu imenya bwato uko, phwa! Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva chiyani?"

"Kha kuno, phwa uko."

"Eya."

Ndikuuzeni zoona, mwambowo ndinkaukonda. Kusaka mvuu ndi tsiku limodzi, akachedwa awiri. Iwe uli phee pa mphasa, anzako akukuphikira, akukutungira madzi, msana ukupuma. Bwato likakocheza umatuluka ngati mkazi wa mzungu.

Kenako mvuu zinayamba kusowa cha kwathuko, bambo aja n'kulowa ntchito pa sitima za mumtsinje, zija zinkakwera mpaka ku Chiromo. Ntchito yawo kusonkha moto. Ine ndinafunsa, "Amayi, ndikhale pa mphasa?" Iwo, "Nkhabe, ayi! Chimenechija chimanyamula thonje ndi mchere, madzulo amachimangirira ku mtengo ngati bulu. Kumeneko si kusaka. Pita ukalime, waulesi iwe." Ndinalima. Mwana anabadwa, mayi ake a uyu. Zinthu zinali bwino.

Ndiye kunabwera nkhondo ya Ajeremani. Amuna a m'mudzi anawatola kukasenza katundu kumtunda, m'midzi munangotsala ife ndi nkhalamba. Bambo aja nkhondo inawapeza ku Chinde, kumene mtsinje umalowa m'madzi amchere. Tsiku lina munthu wa pa sitima anaima pa doko n'kukuwa osatsika n'komwe: "Mwana wanu amutenga! Azungu amasowa osonkha moto, amukweza sitima ya nkhondo, ya panyanja yaikulu!"

Apongozi, "Nkhondo ya pamadzi? Ali ndi mikondo?"

"Ali ndi mizinga!"

Anatembenuka, diso pa ine. "Pa mphasa!"

Ndinalowa ndikusekerera mumtima. Ndimati mawa kapena mkuja ndituluka.

Ana inu! Tsiku, awiri, khumi. Mwezi unafa, wina unaoneka, unafanso. Miyendo inatupa ngati migolo. Ndinadziwa bango lililonse la chipupa, ndi buluzi amene ankakhala pa mtanda, mpaka ndinkamupatsa moni.

"Amayi, ndituluka liti?"

"Bwato likakocheza."

"Likocheza liti?"

"Ukundifunsa ine, ndine sitima?"

Tsono mvetsani apa, inu obadwa dzulo. Chaka chimenecho munda wa kumtunda unapsa ndi dzuwa, madzi a mtsinje n'kudzasefukira pambuyo pake. Chotsala chinali dimba. Madzi akaphwa amasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo uli ndi masiku owerengeka kuti ubzale. Ukachedwa limauma, kung'aluka, khasu kumangolira ngati wamenya phale. Pakhomo pathu tinalipo ine, apongozi a msana wopindika, atsibweni ake a bambo aja amene ankayenda ndi ndodo ziwiri, ndi mwana wongosiya kumene kuyamwa. Wolima anali ine ndekha. Apongozi ankalowa m'dambo mpaka m'chiuno kukazula nyika, timizu tija ta maluwa a m'madzi, ndiyo tinkadya. Mwanayo tsitsi linayamba kufiira. Ndikagwira khasu ndapha bambo wake, ndikapanda kuligwira ndapha iyeyo. Mwaiona nkhaniyo? Madzi anali atayamba kale kuphwa.

M'masiku omwewo kunadutsa munthu wa kwa Makhuwira, akubwerera kwawo wapansi. Dzanja lake lamanja linapsa ndi nthunzi, zala zinamatana ngati phazi la bakha. Atapempha madzi akumwa ananena kuti anali m'sitima yomweyo, ng'anjo imodzi ndi bambo aja, ndipo anawasiya ali moyo. Atsibweni anamugwira malaya: "Simuchoka, achimwene. Pano pali mlandu."

Anamukhazika pakhomo panga penipeni, poti ine kutuluka sindikanatha. Dzuwa lili pamutu, amayi a mudzi wonse anasonkhana. Ine khutu pa bango.

Atsibweni anali munthu wokonda milandu kuposa ndiwo. Anakonza pakhosi, ehe-ehe-ehem. "Funso ndi limodzi. Chinthu chimenechi ndi bwato kapena ndi mudzi? Likakhala bwato, mtengwa akhale pomwe ali. Ukakhala mudzi, ndiye kuti mwana wathu ali pamtunda, mtengwa akalime. Fotokozani, achimwene. Chionekedwe chake."

Munthu uja ankalankhula pang'onopang'ono, ngati akutafuna nzimbe. "Kutalika kwake... kuchokera pa mlambe apo, kukafika pa khola, kubwereranso."

"Hiii!"

"Koma n'chowonda. Chili ngati mcheni, nsomba ija. Anachipanga dala choncho kuti chizithamanga. Mtundu wake ngati phulusa, kuti adani asachione patali. Pamsana pali mipope inayi ya utsi, ndondondo."

"Inayi? Muli mabanja anayi?"

"Ayi, mayi, ng'anjo zake n'zambiri."

"Amapalasa ndani?"

"Moto."

"Moto umapalasa?"

"Moto umawiritsa madzi, nthunzi imazunguza chitsulo, chitsulo chimakankha madzi."

Mayi wina kumbuyo, "Ndiye madzi akukankha madzi? Abodza awa!"

"Chete!" atsibweni. "Kutsogolo kwake, kumene amaima woponya mkondo?"

"Kutsogolo anakuvundikira ngati msana wa kamba, kuti mafunde azitsetsereka. Samatsetsereka onse ayi, timakhala onyowa ngati achule. Chitsulo chake n'chopyapyala, funde likamenya chimanjenjemera chonse, mano gwegwegwe. Pamwamba pa kambayo pali mzinga."

Apongozi, "Mwamva? Chowonda, chothamanga, woponya ali kutsogolo. Bwato!"

Koma atsibweni sankafuna mlandu uthe msanga. "Dikirani, mlongo wanga. Muli anthu angati, achimwene?"

"Kuposa a mudzi uno, nkhondo isanawatole."

"Amadya kuti?"

"Momwemo. Muli khitchini, wophika wake, belu la chakudya."

"Akafuna kuthengo?"

"Muli chimbudzi."

Amayi onse anagwa nazo kuseka! "Chimbudzi m'bwato! Amakumba pati?" Wina anaseka mpaka mwana kugwa kumsana.

"Muli mphaka. Lamulungu amapemphera. Kugona timagona m'machila."

Apongozi mawu anasintha nthawi yomweyo. "Mwana wanga m'machila? Wanga ine? Amamunyamula ndani?"

"Palibe, mayi. Amangowamangirira kudenga."

"Machila opanda onyamula? Nanga akupita kuti?"

"Sakupita kulikonse. Ikupita ndi sitima."

"Ndiye ali m'machila, machila ali m'sitima, sitima ikuyenda, iye sakuyenda?"

"Eya."

"Mutu wanga ine!"

Atsibweni anamenya ndodo pansi. "Bwato lokhala ndi mphaka sindinalionepo. Muli akazi?"

"Mulibe."

"Mudzi wopanda akazi sindinauonenso. Muli manda?"

Munthu uja anayang'ana dzanja lake. "Womwalira amamusokerera m'chinsalu, n'kumutsitsira m'madzi."

Apo panalibe woseka.

Ine ndinalephera kupirira. Mtengwa salankhula pa mlandu, koma ndinakuwa kudzera m'bango: "Afunseni ngati bambo ake a mwana amagwira mkondo!"

"Iwe, ndani wakufunsa?" apongozi.

Koma munthu uja anayankha. "Sagwira mkondo, mlamu. Sagwira mfuti. Amagwira fosholo. Ali pansi penipeni, kuponya malasha m'ng'anjo. Nyanjayo saiona n'komwe. Amatha masiku osadziwa ngati kunja kuli dzuwa."

Atsibweni, "Aha! Munthu wosaona madzi ali pamadzi bwanji? Munthu wa fosholo ndi mlenje? Ine ndikuona kuti uwu ndi mudzi. Mudzi woipa, wopanda akazi, koma mudzi."

Ana inu, ndinaimirira. Mawondo thwa, thwa! Dzanja linali kale pa chitseko. Munthu uja akanangonyamuka basi! Koma anamupatsa chikho cha madzi, pakhosi panafewa, ndipo anaona kuti anthu akumumvetsera, chinthu chimene mwina sanachionepo chibadwire.

"Komatu simunamve za nsomba yachitsulo."

"Nsomba yanji?"

"Ili pamsana pa sitima, m'mpope wogona. Kutalika ngati bwato la anthu awiri. Akaitulutsa imasambira yokha, fyuuu, kukaluma sitima ya adani."

"Ili ndi chingwe?" apongozi.

"Ilibe."

"Mkondo wopanda chingwe, nyamayo amaikoka bwanji?"

"Saikoka. Imamira."

"Amasaka zoti sadya?"

"Nkhondo, mayi. Ndiponso imene tinkaisaka kwambiri ife si ya pamwamba ayi. Ajeremani ali ndi sitima yomira dala."

"Dala?"

"Dala. Imayenda pansi pa madzi. Imangotulutsa kadiso pamwamba, kuyang'ana uku ndi uku. Pakapita nthawi imavuuka kudzapuma. Ikakuonani musanaione, imakumenyani cha kunsi."

Ndinamva apongozi akudzuka, mafupa awo ndinkawadziwa kulira kwake.

"Imamira. Imatulutsa diso. Imavuuka kudzapuma. Imamenya cha kunsi." Anakoka mpweya. "MVUU!"

Amayi onse, "Mvuu! Mayo, mvuu!"

"Ayi, ayi, n'yachitsulo! M'kati muli anthu!"

"Yameza ndi anthu omwe! Yolusa! Mtengwa, pa mphasa!"

Ndinakhala pansi, phi! Atsibweni anangoti, "Apa ndiye... mmm... apa ndiye zasintha."

Ndinakuwanso, ulemu unali utandithera: "Kodi chinthucho sichikocheza?"

"Chimakocheza, mlamu. Malasha sachedwa kutha, chimadya ngati dzombe. Masiku anayi panyanja, awiri padoko. Nthawi zina asanu. Nthawi zina chimathyoka china chake, n'kukhala padoko mwezi wathunthu."

"Mwezi wathunthu? Ine ndili pano?"

"Eya."

"Nanga lero chili kuti?"

"Ndidziwa bwanji, mlamu? Ine ndili kwa Malemia."

Atsibweni anapezanso mphamvu. "Basi! Mtengwa azikhala masiku anayi, azilima awiri."

Apongozi, "Ayambe liti kuwerenga? Akayamba molakwika? Iye kumalima mwana wanga ali pakamwa pa mvuu, kumakhala pa mphasa mwana wanga akumwa mowa padoko?"

Wina, "Abzale ndi chala."

"Dimba lonse ndi chala? Udzu uja?"

Wina, "Alime koma osamenya, azingokanda."

"Mvuu ikangokanda bwato, umakondwa?"

Wina anati timange khasu m'nsanza kuti nthaka isamve. Wina anati ndizilima chobwerera m'mbuyo. Dzuwa linapendeka anthu akukanganabe, ena za mphaka, ena za chimbudzi. Titafuna kumufunsanso munthu uja, anali atanyamula kale kamtolo kake. Mlandu sunagamulidwe. Unangobalalika.

M'mawa mwake ndinapeza mwana ali pakhomo, akukokota dothi la chipupa ndi kachala n'kumadya. Sanali kulira. Akanalira mwina ndikanakhala.

Ndinamubereka kumbuyo. Khasu linali patsindwi pomwe apongozi analibisa, ngati sindinkaona. Ndinatuluka. Dzuwa linandilasa m'maso, ndinayenda ngati woledzera, miyendo yaiwala njira. Kudimba dothi linali litayamba kuchita khungu pamwamba, koma pansi lonyowabe.

Ndinakweza khasu. Ndinalitsitsa osamenya. Ndinakwezanso. Ndinati, "Bambo ake a mwana, ngati muli padoko, pepani pokusokosani. Ngati muli pamadzi, gwirani chitsulo." Ndinatsinzina.

Kha!

Ndinaima, kumvetsera. Ndinkayembekeza chiyani kaya, kuti ndimva phwa kuchokera ku nyanja ya mchere? Ndinangomva achule. Kha! Kachiwiri. Kachitatu. Kulikonse ndikuti pepani, pepani, mpaka mawu anauma, manja okha n'kumapitiriza.

Nditadzutsa mutu, apongozi ali chilili m'mphepete mwa dimba. Munthu wa lipenga uja, osanena kanthu. Bola akanatukwana. Anaima mpaka dzuwa kufika apa, n'kutembenuka kulowa m'dambo mwawo kukazula nyika.

Ndinalima masiku asanu. Chimanga chinamera, mbatata inayanga. Mwanayo anadya chachiwisi, masaya anabwerera. Atsibweni anadya, ankati mlandu sunagamulidwe, ndiye m'mimba simungadikire. Apongozi okha, "Nkhabe." Ndikawaikira m'mbale ankakankha ndi phazi. Nyika, nyika, mpaka anaonda ngati bango.

Chimanga chikuuma, kunabwera mesenjala wa ku boma, atanyamula bulangeti, kabokosi kachitsulo ndi kalata. Tinaitana mphunzitsi wa ku mishoni kuti atiwerengere. Anawerenga chamumtima kaye, milomo yokha ikugwedezeka, ine n'kudziwiratu.

"Akuti sitima inamenyedwa cha kunsi, pakati, pamene pali ng'anjo. A pamwamba ambiri anawavuula. A kumoto sanatuluke."

Apongozi sanayang'ane kalata, sanayang'ane bulangeti. Anayang'ana ine.

Ndinagwira mphunzitsi mwendo. "Liti, aphunzitsi? Liti?"

Anatchula mwezi wachizungu ndi nambala yake.

"Umenewo ndi mwezi uti kuno?"

"Ndi womwe madzi amaphwa."

"Nanga ine ndinagwira khasu pa nambala yanji?"

"Ndikufunseni inu, mayi. Linali tsiku lanji?"

Tsiku lanji! Ine wa pa mphasa, masiku onse anali buluzi yemweyo. Atsibweni anati mlendo uja anabwera litangodutsa Lamulungu, anamva belu dzulo lake. Mayi wina anati ayi, belu linalira mlendo atapita. Wina anati mwezi unali wathunthu, wina anati unali ngati chikhadabo. Wina anati linali tsiku lomwe ng'ona inagwira galu wake, koma galuyo analibenso nambala. Mphunzitsi anawerenga pa zala, kubwerera, kuwerenganso.

"Mayi, munthu uja anatsika sitima isanamire. Kuti afike kuno panapita masabata. Mwina inamira iye ali m'njira, inu mukadali pa mphasa. Mwinanso inamira inu mutayamba kulima. Nambala iyi ikhoza kugwa uku kapena uku."

"Sankhani kumodzi, aphunzitsi!"

"Sindingathe."

Ndiye mwaona. Mwina ndinatupa miyendo kudikira munthu womira kale. Mwina kha woyamba uja ndi amene. Mwina wachitatu, mwina wa tsiku lachisanu. Mwinanso chinthucho chinali mudzi, ndipo midzi imangomira yokha. Ndafunsa abusa, anati mwambo ulibe mphamvu. Ndafunsa asing'anga, anati uli nayo. Ndinafunsa msilikali wina wa nkhondo yachiwiri ija, anangoti, "Mipope inayi? Zakale zimenezo, gogo." Ndikagwira khasu mpaka lero, pa kha woyamba ndimatsinzina.

Titameta maliro opanda mtembo, mlongo wanga anabwera ndi bwato kudzanditenga, kubwerera kwa Maseya. Apongozi sanandilankhule chiwerengere kalata ija. Chimanga ndinachigawa pakati. Madengu anga ndinakweza m'bwato, enawo ndinawandandalika pakhomo pawo iwo ali m'nyumba. Ndinati, "Amayi, ndapita." Zii. "Mwana akutsanzika." Zii.

Tinakankha bwato. Tafika pakati pa mtsinje, mlongo wanga akuti, "Taona kumbuyo." Apongozi akutsetsereka ku doko, msana wopindika, nsalu ikukwekwereka, lipenga lija labwerera lonse, mpaka mbalame kubalalika m'bango.

"Mfiti iwe! Wandiphera mwana ndi khasu! Ndi chimanga chakocho, ukuti ndidya ine? Sindidya! Wamva? Sindidya!"

Mlongo wanga akupalasa, ine ndagwira mwana, misozi mbwee. Ndimati apongozi atha. Kenako, manja kukamwa:

"Iwe mtengwa! Iweee! Musi wausiya pati?"